Chapa Yopanda Matayala ya a Firimino

A Firimino tidawaika Loweruka lapitali, dzuwa likuswa mtengo monga limachitira kuno ku Tete, ndipo anthu adalankhula zambiri pamanda. Wina adati anali dotolo wa ana. Wina adati anali munthu wa Mulungu, chonsecho kutchalitchi sankapondako. Ine ndidangokhala phee pansi pa msawu, maso ali pakamwa pa aliyense, chifukwa pamaliro ndi pamene anthu amanama osaphethira. Ndidakhala nawo moyandikana kuno ku Matundo kuyambira pamene tidabwerako ku Malawi nkhondo itatha. Unkatilekanitsa ndi mpanda wa bango wokha, ndipo mpandawo unali ndi chiboo chimene ndidaboola ndekha. Ngati pali munthu amene adawaona bwino bambo amenewa, ndine. Koma mukandifunsa kuti anali yani, ndikuuzani zoona: sindikudziwa.

Chimene aliyense ankawadziwira ndi chapa yawo. Inali kabasi ngati timene timanyamula anthu kuwoloka mlatho kupita kutauni, koma yawoyo inalibe matayala, inalibe injini, inalibe magalasi. Idakhala pamiyala pakati pa bwalo. Padenga adafolerapo bango kuti chitsulo chisaotche anthu. Mipando yokha ndiyo inalimo, yong'ambika, ndi chiwongolero.

Mmene idafikira pamenepo, aliyense anali ndi nkhani yake. Ena ankati a Firimino ankayendetsa galimoto nthawi ya nkhondo, m'mindandanda ija yoperekezedwa ndi asilikali. Ena ankati chapayo adaigubuduza okha ndipo mwana wawo adafera momwemo. Ena ankati adangoitola m'tchire. Ndidawafunsapo mosiyanasiyana, masiku otalikirana, kuti ndiwakole. Sadakoleke, chifukwa sankayankha. Ankangondifunsa ngati nyemba zanga zapsa.

Dzina lakuti Dona Vijilansiya adandipatsa ndi iwo. Kale kuja kunali anthu amene ntchito yawo inali kuzonda anzawo n'kukanena kuboma, ndipo ankatchedwa a vijilansiya.

"Dona Vijilansiya, diso lanu likuonekeratu pabangopo! Bwerani mudzakwere, malo alipo."

"Ndikwere chimenecho ndikupita kuti? Kumanda?"

"Kumene mufuna, amayi. Ku Ulongwe kwanu tikafika dzuwa lisanalowe."

Ankaseka okha, mano awiri akutsogolo palibe.

Zaka zimenezo msewu unali utangotseguka. Makamyawu, magalimoto aakulu a katundu aja a ku Malawi ndi ku Zimbabwe, ankathamanga ngati akubweza nthawi yonse imene adayenda mwamantha. Ngozi zidachuluka. Tidathawa mfuti, n'kudzapeza imfa ili ndi matayala. Ndiye m'mawa, kapena dzuwa likapendeka, ndinkaona amayi akubwera kwa a Firimino ndi ana awo. Sanali makanda ayi, anali anyamata ndi atsikana osinkhuka, opulumuka pangozi, mabala adapola kale koma eni ake ngati sadabwereko. A Firimino ankakonda kunena kuti thupi limatuluka m'chipatala msanga, mwini wake n'kutsalira pamsewu, ndipo pamafunika wina wokamutenga.

Kachitidwe kawo kanali aka. Mwana akalimba mtima n'kukwera, ankamufunsa kuti tsiku langozi adakhala mpando uti. Akafuna, akhale pomwepo. Akapanda kufuna, akhale pakhomo, miyendo ili panja. Iwo ankagwira chiwongolero n'kuyamba kutchula malo, pang'onopang'ono: tanyamuka pamsika, tadutsa pogulitsa makala, uwo mlambe, uwo mlatho. Sankachita phokoso la injini ndi pakamwa, ndisawanamizire. Ankangotchula malo, n'kumafunsa mwana chimene akuona. Lamulo linali limodzi. Chapa siima mpaka wokwera atanena yekha kuti "paraje", monga timakuwira tikafuna kutsika. Akangotero ankaima pomwepo, ngakhale nkhani ili pakati, ndipo mwanayo ankatsika n'kumapita kwawo popanda womufunsa. Ankati ngozi sipempha chilolezo kwa munthu, choncho m'galimoto mwawo wolamula akhale mwana.

Ine ndinkaona ngati misala. Kapena malonda. Panali mayi wina wa bungwe lina amene ankabwera nthawi zina kudzacheza nawo, ndipo ndidamva kuti ku Malawi, kumisasa ya othawa nkhondo kuja, a Firimino adaphunzitsidwako zolankhula ndi ana oona zoopsa za nkhondo. Ndidati basi, nkhani za ana athu akuzigulitsa kwa azungu. Ndidadikira kuona malata atsopano padenga pawo. Adamwalira nyumba ikudontha.

Tidakangana kwambiri pa nkhani ya kulankhula. Ife tidapulumuka ndi kutseka pakamwa. Anyamata obwerako kunkhondo ankasambitsidwa kumtsinje, zovala n'kuotchedwa, n'kuuzidwa kuti asacheuke ndipo asadzatchulenso. Dziko lonse lidagwirizana choncho, n'chifukwa chake lero timagula tomato kwa anthu amene tikudziwa zimene adachita. Ndiye munthu mmodzi adzuke n'kumauza ana kuti fotokoza, bwereza, fotokozanso? Ndidawauza pamaso kuti akuitana mizimu. Iwo adati kusamba n'kwabwino, sakukutsutsa. Koma adati zinthu zina ukazikwirira zimakhala ngati mabomba aja adatsala m'minda: wokwirira amaiwala, koma bombalo siliiwala. Ndidawayankha kuti nanga wofukula ndiye amatsala ndi manja? Tsiku limenelo ndidapambana ndine.

Ndikadapitiriza kupambana pakadapanda Jasinta.

Jasinta ndi mdzukulu wanga, mwana wa mwana wanga wamkazi amene manda ake adatsala ku Malawi. Ndidamulera ndekha. Ankaphunzira kutsidya, kutauni, ndipo mutu unalipo. Tsiku lina akuchokera kusukulu, chapa imene adakwera idaima itangotsika mlatho, ndipo kamyawu idaiwomba kumbuyo. Anthu a mpando wakumbuyo adafera pomwepo. Mmodzi anali Rozita, mnzake wa ponda apa nane ndipondepo. Jasinta adangothyoka mkono.

Ndidachita zimene munthu aliyense wamutu akadachita. Yunifolomu yamagazi ndidaotcha. Ndidapita naye ku Zambezi ndi mayi wina wodziwa zosambitsa. Ndidalamula kuti dzina la Rozita lisamveke pakhomo panga. Mpaka lero sindikuonapo cholakwa.

Koma mwana sadabwerere. Chikhakha adachotsa, mkono udachira, iye ayi. Chitseko chikamenyeka ankagwa pansi. Fungo la dizilo linkamusanzitsa. Kumsewu sankayandikirako, madzi ankakatunga mozungulira kuseri kwa nyumba za anthu. Tulo tinkamuthawa, masana n'kumangokhala ndwii, maso pakhoma. Mwana amene ankanditopetsa ndi nkhani adasanduka mlendo wosamva chinenero. Nthawi zina ankandikalipira popanda chifukwa, kenako n'kulira.

Namwino wa kachipatala ka kuno adati fupa lalumikizana bwino, chatsala ndi mantha, ndipo mantha otere ali ndi owadziwa ake kuchipatala chachikulu. Ndidamufunsa kuti chipatalacho chili kuti. Adati kutsidya. Ndidaseka. Mwana akuopa mlatho, mankhwala a manthawo ali kuseri kwa mlatho womwewo! Namwinoyo ndiye adatsitsa mawu n'kunena kuti tsidya lino kuli mkulu wina wa chapa yakufa. Ndidati ndikumudziwa, amandibera mthunzi wa msawu wanga.

Kenako kudabwera Bento, mwana wanga wamwamuna, malume ake a Jasinta, kuchokera ku Tsangano kumene amalima mbatatesi.

"Amayi, mwanayu wangokhala. Sukulu ikatsegulira iye asanawoloke, ndidzamutenga. Kumunda kulibe milatho."

"Ukamutenge akakachite chiyani?"

"Alipo munthu wafunsa kale. Ndi wakhama, ali ndi ng'ombe."

"Ali ndi ng'ombe, nanga akazi ali nawo angati?"

Bento ndidabala ndekha, koma naye sindimukhulupirira. Ndidadziwa kuti akamutenga, sukulu yathera pomwepo, ndipo ine nditsala ndi makoma. Ndidamulola Jasinta kupita kwa a Firimino pa chifukwa chimodzi chokha: chiboo chija. Chilichonse chimene akadamuchita ndikadachiona.

Masiku oyamba sadakwere. Ankakhala pamwala, a Firimino akusoka nsapato zawo, osamukakamiza. Tsiku limene adakwera munalinso mnyamata wina, Zeka, amene adagundidwa ali panjinga. Ulendo utangofika pogulitsa makala, Zeka adati, "Paraje, vovo," ndiko kuti agogo. Jasinta adatuluka ngati walumidwa ndi mavu, n'kudzabisala kuseri kwa mtsuko wanga. Ine ndidaganiza kuti Zeka wamutsina. Ndidapita kukamukoka makutu mwana wa eni, ndipo amake sadandipatsenso moni.

Kuyambira pamenepo a Firimino ankamutenga Jasinta yekha. Ndipo apa ndiye padali zodabwitsa. Ana ena ankaimitsa chapa msanga. Jasinta sankaimitsa konse. Ankakhala mpando wapakati, manja atafumbata, pakamwa gwa. A Firimino ankatchula malo, mlatho n'kuwoloka, n'kubwerera, n'kudutsa pamalo a ngozi paja, mwana ali chete, thukuta lili kamukamu. Ankapitirira mpaka ku Moatize. Mawa lake mpaka ku Zobwe.

"Menina, mtsikana iwe, tatsala pang'ono kulowa m'Malawi, ndipo ine mapepala ndilibe. Sitiima?"

Zii.

"Chabwino. Mafuta atha okha. Titsike."

Tsiku lililonse mafuta ankatha okha. Sukulu inkayandikira. Ndidawauza kuti galimoto yawo ikungomuzunguza mwana. Adavomera kuti mwina n'zoona, ndipo adati akaona kuti zikumupweteka koposa kumuthandiza, asiya. Kuvomera kumeneko kudandisokoneza kuposa kukana. Wabodza savomera msanga choncho, pokhapokha akhale wabodza wamkulu.

Ndinenenso ichi, ngakhale chidachitika pambuyo pake. Zeka uja adayamba kulankhula zodziponya mumtsinje. A Firimino sadamukwezenso chapa yawo. Adavala jekete lawo limodzi lija, n'kumugwira dzanja, n'kuwoloka naye okha kupita kwa madotolo. Adauza amake kuti pali misewu ina imene galimoto yawo singadutse. Zeka alipo, amawotcherera zitsulo ku Nhartanda. Pamaliro a Firimino ndiye adanyamula bokosi kutsogolo.

Tibwerere kwa Jasinta. Masiku omwewo nkhuku yanga yamawanga idayamba kuikira m'chapa muja, pansi pa mpando wakumbuyo. Tidakanganiranso mazirawo. Iwo ankati wobadwira m'galimoto ndi mwana wa dalaivala. Ine ndinkati akadya ngakhale limodzi atupa mimba. Ndinkatuma Jasinta kukatenga, koma kumpando wakumbuyo iye sankafikako.

Tsiku lina dzuwa litapendeka ndidapita ndekha. Nyemba ndidasiya pamoto. Ndidapeza Jasinta wakhala kale pamalo pake, a Firimino ali pachiwongolero. Ndidalowa mowerama mpaka kumbuyo, n'kutola mazira, n'kuwaika m'nsalu. Potembenuka ndidamva chitseko chija, chomangirira ndi waya, chikukokedwa.

"Tanyamuka, Dona Vijilansiya. Khalani pansi, mungagwe."

"Bambo inu, tsekulani."

"Galimoto ikuyenda satsika, amayi. Tadutsa pamsika."

Tsono ndifunseni chifukwa chimene ndidakhalira pansi. Mawindo analibe magalasi. Chitsekocho mwana akadachikankha ndi chala. Pansi pake nkhuku zinali kupalasa. Koma ndidakhala, mazira ali pamiyendo, pampando wakumbuyo, ndikuyang'ana nkhongo ya mdzukulu wanga. Mwina ndinkafuna kumva ndi makutu anga zimene pachiboo sizinkamveka. Mwina miyendo idangotopa. Sindikudziwa.

Adatchula makala. Adatchula mlambe. Adati takwera mlatho, ukugwedezeka, pansi madzi ndi ofiira. Tidafika kutauni, tidatembenuka, tidakweranso mlatho. Kutentha kunali kosaneneka. Ndidayamba kumva fungo la nyemba zanga zikupserera kuseri kwa mpanda.

"Tikutsika mlatho tsopano," adatero.

Ine zidandikwana. Ndidakuwa monga ndimakuwira m'chapa yeniyeni: "Paraje! Paraje, bambo inu, ndiwo zanga zikupsa!"

Chimene chidachitika sindidzachiiwala. Jasinta adatembenuka n'kundilumphira, n'kunditseka pakamwa ndi manja onse awiri. Mazira adaphwanyika pakati pathu.

"Musanene, agogo! Musanene! Ikubwera kumbuyo! Chokani kumbuyoko!"

Ankandikoka kuti ndichoke pampandopo, mphamvu ngati za mwamuna, maso ali kutali, osandiona ine. A Firimino sadadzuke. Adangolankhula ndi mawu otsika.

"Taima, Jasinta. Agogo ako anena, ine ndaima. Uli kwa vovo Firimino, ku Matundo. Ukafuna, cheuka uone chimene chili kumbuyo."

Padapita nthawi. Adacheuka pang'onopang'ono. Kumbuyo kunali mbuzi ya a Firimino ikudya khoko la malambe.

Pamenepo mwana adakhala pansi pakati pa mipando n'kuyamba kulankhula. Adati tsiku lija amene adakuwa kuti paraje anali iyeyo. Adati Rozita anali atamuuza kuti atsikire limodzi kutsogolo, pamsika, koma iye adafuna kutsika msanga. Adakuwa, dalaivala adaima, kamyawu idafika. Miyezi yonseyo mwana ankayenda ndi chinthu chimenechi: kuti pakamwa pake ndi pamene padapha anthu. Ndipo analibe womuuza, poti dzinalo pakhomo linali loletsedwa.

Ine ndidafuna kumukalipira kuti asiye zopusa. A Firimino adandiyang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba ndidawamvera. Sadamuuze kuti alibe mlandu. Adamusiya alire mpaka atatopa. Kenako adamufunsa kuti pamalo pamenepo ankatsikapo kangati. Adati masiku onse a sukulu. Adamufunsa kuti ankanena chiyani potsika. Adati mawu omwewo. Nanga masiku onsewo, kamyawu inkabwera? Adapukusa mutu. Nanga mabuleki a kamyawu ija ankaponda ndani? Ndidaona mapewa ake akutsika.

Ndidaonanso china chimene Jasinta sadachione. Manja a a Firimino pachiwongolero ankanjenjemera ngati a munthu wa malungo.

Sikuti adachira tsiku lomwelo. Adapitabe kwa masiku ambiri. Poyamba ankangonong'ona mawu aja, chapa n'kuima, iye n'kucheuka, n'kuona mbuzi. Kenako ankanena mokweza. Adayamba kunena za Rozita, za nthabwala zake, za ndolo zimene adabwerekana. Adapempha kukaona amake a Rozita, ndipo ndidamuperekeza, ngakhale mtima sunkafuna. Lamulungu lina tidawoloka mlatho tikuyenda wapansi, iye pakati, a Firimino mbali ya magalimoto, ine kumbuyo ndikuyang'ana onse awiri. Sukulu itatsegulira adakwera chapa ya matayala. Adasanza potsika, mawa lake adakweranso. Bento adabwera ndi thumba la mbatatesi, adabwerera yekha.

Mantha sadathe onse. Mpaka lero amakhala pafupi ndi khomo, ndipo chitseko chikamenyeka nkhope imasintha. A Firimino adamuuziratu kuti chipsera sichichoka, chimangoleka kuwawa ukachikhudza.

Tsopano mverani chimene chimandisowetsa mtendere. Patapita masiku ndidabwerera kukatola makoko a mazira aja. Pansi pa mpando wakumbuyo ndidapeza gaga. Osati wongotayika ayi, wothiridwa bwino, m'kachitini. Ndidatuluka nako m'manja.

"A Firimino, nkhuku yanga munkaiitana dala?"

"Nkhuku nayo ndi wapaulendo, amayi. Imamva njala."

"Munkafuna nkhuku kapena munkafuna ine?"

"Nyemba zija zidapsereratu?"

Ndakhala ndikuzitembenuza zaka zonsezi. Ngati adakonza, ndiye kuti adaona zonse kuyambira tsiku la Zeka lija: kuti mwanayo akuopa mawu amenewo, kuti pafunika munthu woti awanene iye akumva, munthu amene sangamuthawe, ndiponso kuti ine ndi mtima wanga wapachala sindingapirire. Ndiye kuti adandiyendetsa ngati mbuzi ya pachingwe, ine amene sindinamizidwa. Komanso ndiye kuti adaika mwana wanga pachiswe, chifukwa zikadatha kuipa. Koma ngati adakonza, manja ankanjenjemereranji? Ndipo ngati sadakonze, gaga uja anali wa chiyani? Atadwala ndidawapititsira phala n'kuwafunsanso. Adatsegula diso limodzi n'kunena kuti a vijilansiya safunsa, amadziwa kale. Sindikudziwa ngati ndiyenera kuwathokoza kapena kuwakwiyira, ndiye ndimachita zonse ziwiri.

Jasinta tsopano ndi mphunzitsi ku Moatize. Tsiku la maliro ndidamumva ndisanamuone. Ndinali pakhomo, chapa ikubwera pamsewu, ndipo mkati mwake mudamveka mawu aakulu, opanda manyazi, ofanana ndi anga: "Paraje!" Galimoto idaima. Adatsika, adacheuka kamodzi kumbuyo, n'kubwera kudzandigwira dzanja.

Chapa ya a Firimino Jasinta sadaipeze ili bwino. Adzukulu awo a ku Changara, amene sitidawaonepo mkuluyo akudwala, anali atachotsa kale mipando. Tisanamete n'komwe adabwera ndi anthu ogula zitsulo, adaidula ndi moto, adaikweza zidutswazidutswa.

Patsala miyala ija, itakhala monga idakhalira. Pakati pake pali dothi loyera, lopanda udzu, lalitali ngati galimoto, ndipo bango la padenga launjikana pambali. Palibe amene wapondapo, anthu akumazungulira. Dzulo kudabwera mayi wina ndi mtsikana wa chipsera pachipumi. Adaima pamenepo, adayang'ana uku ndi uku, adafunsa mbuzi ndi maso, n'kubwerera. Ine ndinali pachiboo. Ndidafuna kuwaitana, koma ndikadawauza chiyani?

M'mawa uno nkhuku yamawanga, mdzukulu wa ija, idalowa pakati pa miyalayo ikufuna poikira. Idazungulira, idayang'ana kumwamba kumene kunali denga, idaima ndi mwendo umodzi, kakasi. Mpaka pano ikadali pomwepo.